Nyanga ya nsatsi

Mphwanga anandipeza kunyumba ku Area 3 ndi nkhani yakuti tiike ndalama za penshoni ya mayi athu mu Bitcoin. Ndinamukalipira. Iye anangoti, "Achimwene, inu zanu munasunga kubanki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anakupepesani ndani?" Ndinasowa poyankha.

Ndalama ndi chikhulupiriro basi. Pepala la K5,000 limagula shuga mumsika chifukwa tonse tinavomera kulilandira, ndipo boma likuliimira kumbuyo. Bitcoin, imene inayamba mu 2009, ilibe boma loiimira. Mtengo wake ukagwa, kapena wokugulitsayo akakuthawira, palibe ofesi yokalirako.

Nanga boma lichite chiyani ndi munthu wofuna kuika thukuta lake pamenepo? Maiko sanamve chimodzi. China inaletseratu malondawa mu 2021. Chaka chomwecho El Salvador anailandira ngati ndalama ya dziko, koma mu 2025 anasintha lamulo kuti wamalonda asamakakamizidwe kuilandira. Nigeria inaletsa mabanki kukhudza malondawa mu 2021, kenaka n'kubweza chiletsocho mu 2023. South Africa mu 2022 inasankha kuti ochita malondawa azitenga chiphaso ndi kuyang'aniridwa. Kuno kwathu, Reserve Bank inachenjeza mu 2019 kuti iyi si ndalama yovomerezeka m'Malawi.

Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha. Koma nzika si mwana, ndipo nyanga iyi ikafota imapita ndi fizi ndi ndalama ya feteleza. Boma loletsa likuti sitingathe kudziganizira tokha. Boma longochenjeza limasamba m'manja. Ine ndaona kuti chilungamo chili kwa amene amalola munthu kusankha koma n'kumudziwa dzina wogulitsayo, kuti akaba apezeke. Komanso boma lofuna kuti tikhulupirire kwacha liyambe laisamala kwachayo, poti anthu sathawa ndalama yosunga mtengo wake.

Tinakangana mpaka dzuwa kulowa. Kenaka mlamu wanu, akuchotsa makapu, anafunsa: "Kodi eni ake ndalamazo mwawafunsa?" Tonse awiri tinangoti zii. Ine ndinkaletsa ngati China, mphwanga ankakakamiza ngati El Salvador wa 2021, koma palibe anaganiza zowafotokozera mayi ubwino ndi kuopsa kwake kuti asankhe okha.

Loweruka tikupita kumudzi kukawafunsa.