Usanaifufute laputopuyo, tamvera

Mdzukulu wanga, khala pansi. Laputopu anakusiyira amalume akoyo siikuthawa. Ndamva kuti ukufuna kuikamo Windows yatsopano. Sindikukuletsa ayi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Makinawa ife tinawaona akufika m'maofesi, tinawaonanso akufera m'manja mwa anthu aphuma. Mawu anga ndi amodzi: usasinthe chinthu usanadziwe njira yobwerera.

Chifukwa chosinthira uli nacho. Windows 7 a Microsoft anasiya kuisamala mu Januwale 2020. Windows 10 ili m'menemoyo inatuluka mu 2015, ndipo nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025. Ikasiyidwa chonchi imayakabe, koma ziboo zolowera mavairasi zimangokhala pululu. Tsono Windows 11 ili ndi zofuna zake. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo okwana 64 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi processor yaposachedwa. Ngati ndi ya Intel, kawirikawiri iyambire m'badwo wachi 8. Tembenuza laputopuyo, uwerenge nambala ya mtundu wake pansipo, ufufuze mphamvu zake. Safunsa anadya phula.

Ukadziwa zimenezo, samutsa katundu. Nkhanga zinapangana kusanapse. Zithunzi za ukwati wa mayi ako, makalata a munda, ntchito yako yakusukulu, zonsezo kopera pa disiki yapadera. Ukatha, kaitsegule pa kompyuta ina, uone ndi maso ako kuti mafayilo akutseguka. Fulashi yoikira Windows ikhale ina, ya 8 GB kapena kuposa. Pulogalamu yoikonzera, ngati Rufus, imasesa zonse zili pa fulashiyo.

Tsopano tchera khutu, pano ndi pamene ambiri amagwa. Ukadina batani loyatsira, Windows siyamba kudzuka ndiyo. Muli kapulogalamu kena kokhala m'kati mwa makinawo, kamene kamayamba kuona ngati ziwalo zili bwino, kenako n'kukadzutsa Windows pa disiki. Kakale ndi BIOS, kamene pa sikirini amalemba kuti Legacy kapena CSM. Katsopano ndi UEFI, kamene kanafala cha mu 2012, nthawi ya Windows 8. Awiriwa sawerenga disiki mofanana. Legacy amayenda ndi disiki yogawidwa mwa MBR, imene siipitirira 2 TB ndipo imalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha. UEFI amadzutsa Windows pa disiki yogawidwa mwa GPT. Zili ngati loko ndi kiyi wake. Ukasintha loko kiyi n'kukhala yemweyo, ugona panja.

Windows 11 imafuna UEFI. Mwana akangomva zimenezi amathamanga. Amadina F2 ngati ndi Dell, F10 ngati ndi HP, kulowa m'masamba a BIOS, n'kuchotsa Legacy kuika UEFI. Akayatsa, sikirini bii, kamzere kamodzi kokha kachingerezi konena kuti palibe podzukira. Manja pamutu, ati yapsa. Siinapse ayi. Akabwezera pomwe panali, idzuka. Koma abwezera bwanji poti sakukumbuka? N'chifukwa chake iwe ujambule ndi foni tsamba lililonse la m'menemo usanakhudze kanthu.

Kuti udziwe pamene waima, lemba msinfo32 posakira mu Windows, uyang'ane mzere wa BIOS Mode. Laputopu zambiri zakaunjika zili ndi UEFI, koma amene anaziikamo Windows komaliza anazisiya pa Legacy. Ukapeza yako ili chomwecho, njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi MBR2GPT, kapulogalamu kamene kali mu Windows 10 kuyambira 2017. Kamasandutsa disiki kukhala GPT osafufuta mafayilo. Uyambe wakauza kayeze disikiyo, kavomere. Udziwenso kuti kakasandutsa sikabweza, ndipo pamenepo chitetezo chako ndi zimene unakopera zija. Yachiwiri ndi kufufuta disiki yonse n'kuika Windows mwatsopano, fulashi utaidzutsira mu UEFI. Sankha imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Ukatsata yoyamba, disiki itsogole, UEFI itsatire, chitetezo chotchedwa Secure Boot pomaliza.

M'masamba a BIOS aja muli zambiri zokopa maso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ukaona mzere wa SATA wolembedwa AHCI, usiye momwemo. Ukausintha, Windows ikulandira ndi sikirini yabuluu. Sintha chinthu chimodzi, uyatse, uone. Ukasintha zitatu nthawi imodzi, sudzadziwa chakupweteka.

Tibwere pa ma driver, timapulogalamu toyendetsa ziwalo za makinawo. Chiwalo chilichonse chili ndi wake: sikirini, sipika, kamera, Wi-Fi. Popanda iyeyo Windows imachiona chiwalocho koma siitha kuchituma. Driver wa Wi-Fi umtsitse lero, umsunge pa disiki yapadera ija. Ndaona anyamata atafufuta zonse, bandulo ali nayo, koma laputopu yosaona netiweki iliyonse. Chimene chikanawalowetsa pa intaneti chinali pa intaneti pomwepo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ma driver ukatenge pa webusayiti ya amene anapanga laputopuyo, polemba nambala ija. Yamba ndi wa chipset, kenako wa zithunzi, kenako enawo. Ukatha, tsegula Device Manager. Pamene pali kachizindikiro kachikasu, pali chiwalo chamasiye. Timapulogalamu tolonjeza kukupezera ma driver onse nthawi imodzi tileke, tambiri timabwera ndi zinyalala. Driver amene akugwira bwino ntchito usamuvute.

Anzako adzakuuza kuti ukonzenso BIOS yeniyeniyo ikhale yatsopano. Ngati palibe chikuvuta, akane. Ntchito imeneyo ikadukira pakati, laputopu ikhoza kugona osadzukanso, ndipo amisiri adzakutchula mtengo wowawa. Batire la makina akale silisunga moto, ndipo magetsi kwathu kuno amachoka osatsanzika. Chakudza sichiimba ng'oma. Ngati n'kofunikadi, batire lidzaze, chaja chikhale pakhoma, manja ako akhale pamwendo mpaka ithe yokha.

Windows yatsopano ikayaka, usavine msanga. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Yesa mawu, yesa kamera, yesa kusindikiza, uitseke n'kuitsegula uone ngati ikudzuka. Ngati unaika yatsopano pamwamba pa yakale, uli ndi masiku 10 obwerera. Foda ya Windows.old, momwe mumasungidwa Windows yakale, usaifufute masiku amenewo asanathe.

Nanga ukapeza kuti makinawo sakwanitsa Windows 11? Njira zozembera zilipo, anyamata amumsika amazidziwa. Koma a Microsoft salonjeza kusamala makina olowa mozemba. Walira mvula walira matope. Kuli bwino uchotse disiki yozungulirayo, uikemo disiki ya mtundu wa SSD, uwonjezere RAM ngati malo alipo. M'malo mwa Windows uikemo Linux Mint kapena Lubuntu. Ndi zaulere, ndipo zimayenda mopepuka pa makina otopa. Makalata ulemba, intaneti ulowa, sukulu umaliza. Ukayamba kulandira malipiro ako, udzagula imene mtima wako ukufuna. Sunga khosi, mkanda uoneka.