Kodi Pulogalamu Ingaweruze Munthu pa Zimene Sanachite?

Mapulogalamu a kompyuta amene makampani akuluakulu amasungiramo nkhani za ogwira ntchito awo sakhalanso m'makina a pa ofesi monga zinalili kale, koma amakhala m'makompyuta a kampani imene inawapanga, ndipo ogula amawafikira kudzera pa intaneti n'kumalipira chaka ndi chaka. Dongosolo limeneli ndi limene limatchedwa cloud. Ena mwa mayina odziwika pa malonda amenewa ndi Workday, imene David Duffield ndi Aneel Bhusri anayambitsa ku California mu 2005, SuccessFactors, imene kampani ya ku Germany ya SAP inagula ndi madola 3.4 biliyoni, komanso Oracle. Popeza pulogalamuyo imakhala imodzi kwa ogula onse, chilichonse chimene opanga asintha chimafika kwa onse pa nyengo imodzi, moti Workday ndi SAP amatulutsa zatsopano zikuluzikulu kawiri pa chaka pamene Oracle imatero miyezi itatu iliyonse. Choncho muyeso umene anthu miyandamiyanda amayesedwa nawo pa ntchito ukhoza kusintha kumathero a sabata imodzi, iwo eni osadziwa n'komwe.

Poyamba ntchito ya mapulogalamuwa inali ya ukalaliki basi, yomwe ndi kulemba tsiku limene munthu anayamba ntchito, malipiro ake, msonkho wake ndi masiku a tchuthi amene amutsalira. Zatsopano za zaka zaposachedwapa zapitirira pamenepo chifukwa cha nzeru za makina, zimene ambiri amazitchula mwachidule kuti AI, zomwe ndi luso la pulogalamu lophunzira kuchokera ku zolembedwa zambirimbiri zakale kenako n'kumalosera za mtsogolo. Mu 2018 Workday inatulutsa Skills Cloud, chida chosanja maluso a ogwira ntchito. Mu 2023 SAP inalengeza za Joule, mthandizi amene amayankha mafunso ndi kulemba zikalata. Ndipo mu 2024 Workday inagula HiredScore, kampani imene pulogalamu yake imaika ofunsira ntchito m'magulu potengera mmene akuyenerera malowo. Kaundula amene kale ankangokumbukira zimene zachitika tsopano wayamba kunena amene ayenera kuitanidwa ku mafunso, amene akuyenera kukwezedwa ndi amene angasiye ntchito posachedwa. Apa ndi pamene nkhani ya malonda ikusandukira funso la chipembedzo ndi la nzeru zakuya: kodi n'chilungamo kuweruza munthu pa zimene sanachite, potengera zimene anachita anthu ena ofanana naye, ndipo ngati chiweruzocho chalakwika, ayankhe ndani?

Kuwerenga anthu pakokha si tchimo, pakuti buku la Numeri limasimba za kalembera amene Mulungu mwini analamula m'chipululu, komabe Malemba amakuona ngati chinthu chofunika kusamala nacho kwambiri. Pa Eksodo 30 lamulo linali lakuti aliyense wowerengedwa, kuyambira wa zaka 20, apereke theka la sekeli ngati dipo la moyo wake, ndipo wolemera sankaloledwa kuwonjezera, wosaukanso sankaloledwa kuchepetsa, kutanthauza kuti pa nthawi yomwe munthu akusanduka nambala m'kaundula pafunika chikumbutso chakuti moyo wake si chuma cha wowerengayo ndiponso kuti miyoyo yonse ndi yofanana kulemera. Davide atalamula Yowabu kuti awerenge amuna otha kumenya nkhondo, monga akusimbira 2 Samueli 24, mtima wake unamutsutsa kalemberayo atatha, ndipo omasulira ambiri amati cholakwa chake chinali kuona anthu a Mulungu ngati mphamvu zake za iye mwini. Immanuel Kant anafika pa mfundo yofanana ndi imeneyi mu 1785 osadalira Malemba, pamene anasiyanitsa zinthu zokhala ndi mtengo, zimene china chofanana nazo chingalowe m'malo mwake, ndi munthu, amene ali ndi ulemu umene sungasinthanitsidwe ndi kanthu. Bungwe la dziko lonse lapansi loona za ntchito la ILO linalengeza ku Philadelphia mu 1944 kuti ntchito ya munthu isaonedwe ngati katundu wa pa msika, ndipo Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake ya 1981 yotchedwa Laborem Exercens, anaphunzitsa kuti chimene chimapatsa ntchito ulemu ndi munthu amene akuigwira, osati mtundu wa ntchitoyo kapena phindu lake.

Mfundo zonsezi sizikuletsa kampani kusunga kaundula wolongosoka, ndipo ndi kaundula wotere amene amateteza wogwira ntchito kuti malipiro ake asadulidwe mwachinyengo ndiponso kuti ndalama za penshoni yake zisasowe. Vuto limayamba kaundulayo akayamba kulosera. Mu 2019 Ginni Rometty, amene panthawiyo anali mkulu wa IBM, ananena poyera kuti kampani yake ili ndi pulogalamu yotha kudziwa amene akufuna kusiya ntchito, ndipo inkalondola pa anthu 95 mwa 100 alionse. Mmene chida chotere chimaonekera pa ofesi n'chosavuta kufotokoza: bwana wa nthambi akatsegula kompyuta m'mawa amaona mndandanda wa anthu ake, ndipo pambali pa dzina limodzi pali chizindikiro chochenjeza kuti ameneyu angachoke, pamene kuseri kwa chizindikirocho kuli zinthu monga zaka zimene wakhala pa udindo umodzi osakwezedwa, malipiro ake poyerekeza ndi a anzake, ndi mbiri ya anthu ena a msinkhu wake pa ntchito amene anachoka kale. Bwana wabwino akhoza kumuitana munthuyo n'kumufunsa chimene chikumusowetsa mtendere, koma bwana wina akhoza kuganiza kuti n'kutaya ndalama kutumiza ku maphunziro munthu amene ali kale pa ulendo, ndipo munthuyo ataona kuti mwayi ukungomulambalala amachokadi. Zikatero pulogalamu imalemba kuti ulosi wake wakwaniritsidwa, ngakhale kuti ulosiwo ndi umene unamukankhira pa khomo.

Mneneri Ezekiele analimbana ndi maganizo a mtundu womwewu pakati pa Ayuda amene anali ku ukapolo ku Babulo, amene ankakhulupirira kuti ana amalangidwa chifukwa cha zolakwa za makolo awo. Chaputala 18 cha buku lake chikukana zimenezi m'njira ziwiri, ndipo njira zonsezo zikukhudza ulosi wa makina. Yoyamba ndi yakuti munthu aliyense amayankha pa zochita zake, osati pa zochita za gulu limene anthu amuikamo, pamene ulosi wa pulogalamu ulibe gwero lina koma zochita za gulu. Izi zinaonekera bwino mu 2018, pamene bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linaulula kuti Amazon inasiya pulogalamu yake yosankha ofunsira ntchito itapezeka kuti inkatsitsa makalata osonyeza kuti wolembayo ndi mkazi, chifukwa inaphunzira pa makalata a zaka khumi amene ambiri mwa iwo analembedwa ndi amuna. Tsankho la dzulo linasanduka muyeso wa lero popanda munthu aliyense kulamula kuti zitero. Njira yachiwiri ndi yakuti ngakhale mbiri ya munthu mwini wake siimumanga mpaka kalekale, pakuti woipa akatembenuka amaweruzidwa potengera njira yake yatsopano, ndipo wolungama akapotoka chilungamo chake chakale sichimupulumutsa. Hannah Arendt, m'buku lake la 1958 lotchedwa The Human Condition, ananena mfundo yomweyi m'chilankhulo cha nzeru zakuya, kuti munthu ali ndi mphamvu yoyamba chinthu chatsopano chimene palibe akanachiyembekezera, ndi kuti kukhululuka ndiko kumamasula munthu ku zotsatira za zimene anachita kale. Makina amene nzeru zawo zonse zachokera m'mbuyo sangaone kutembenuka mtima kusanalembedwe m'kaundula, ndipo ngati atseka khomo kusanalembedwe, sikudzalembedwa konse.

Pali yankho lamphamvu limene oikira kumbuyo mapulogalamuwa amapereka, ndipo siloyenera kulipeputsa: anthu nawonso amakondera, kawirikawiri moposa makina. Kulikonse kumene ntchito imapezeka podziwana, kumene kalata ya mwana wa mlimi imatsalira pansi pa mulu pamene ya mphwake wa bwana yafika kale pa tebulo, pulogalamu yosadziwa mbumba ya munthu ingaoneke ngati mpulumutsi. Kafukufuku amene Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anasindikiza mu 2004 anapeza kuti ku Boston ndi ku Chicago makalata ofanana okhala ndi mayina omveka a azungu ankayankhidwa kwambiri, ndi theka lathunthu kuposa okhala ndi mayina omveka a anthu akuda, ndipo amene ankasankhawo anali anthu, osati makina. Choncho funso silakuti ndani salakwa pakati pa munthu ndi pulogalamu, popeza onse amalakwa, koma ndi lakuti kulakwako kumakhala kotani ndipo kumakonzedwa bwanji. Bwana wokondera amawononga pa ofesi imodzi, ndipo wokanidwa kumeneko akhoza kukagogoda khomo lina, pamene pulogalamu imodzi yogwiritsidwa ntchito ndi makampani zikwizikwi ikhoza kukana munthu yemweyo pa makomo onse ndi chifukwa chimodzimodzi chimene iye sadzauzidwa. Kuwonjezera apo, bwanayo akhoza kufunsidwa, kuchita manyazi, kuimbidwa mlandu ndi kulapa, zinthu zimene pulogalamu singachite.

Kusowa kwa woyankhaku ndiye phata la mlandu umene Derek Mobley anasumira Workday ku khoti la boma la United States ku California mu 2023, ponena kuti anakanidwa ntchito zoposa 100 m'makampani ogwiritsa ntchito pulogalamuyo chifukwa cha mtundu wake, zaka zake ndi matenda ake. Workday inakana zonsezi ndipo inati amene amasankha anthu ndi makampani ogula, osati pulogalamu yake. Mu 2024 woweruza Rita Lin analola kuti mlanduwo upitirire pa mfundo yakuti wopanga pulogalamu akhoza kuonedwa ngati nthumwi ya wolemba ntchito, ndipo mu 2025 analola kuti enanso a zaka 40 kapena kuposerapo alowe nawo, ngakhale kuti zigamulo zimenezi sizinanene kuti tsankho linachitikadi. Chimene mlanduwu ukuonetsa ndi mpata umene udindo ungagweremo, wopanga akuloza wogula ndipo wogula akuloza makina. Pa bwalo la mfumu mlandu suweruzidwa mwini wake asanalankhule, ndipo Nikodemo anakumbutsa Afarisi anzake pa Yohane 7 kuti chilamulo sichitsutsa munthu chisanamumve. Kalata yokana imene yatumizidwa ndi makina usiku, patangopita kanthawi munthu atafunsira ntchito, ilibe womva ndiponso ilibe woweruza amene angatchulidwe dzina.

Maboma ena ayesa kutseka mpata umenewu ndi malamulo. Lamulo la mayiko a European Union loteteza nkhani za munthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limapatsa munthu ufulu woti chigamulo chachikulu chomukhudza chisapangidwe ndi makina okha. Mzinda wa New York unayamba mu 2023 kukakamiza olemba ntchito kuti zida zosankhira anthu zizifufuzidwa ngati zili ndi tsankho. Ndipo lamulo la European Union la 2024 lokhudza AI linaika zida zolembera ndi kuyang'anira ogwira ntchito m'gulu la zoopsa kwambiri, n'kuletsa kugwiritsa ntchito makina poyeza mmene munthu akumvera mumtima pa malo a ntchito. Komabe lamulo lingathe kuika munthu patsogolo pa kompyuta koma silingamupatse chikumbumtima, ndipo wogwira ntchito mu ofesi yolemba anthu amene akungodina batani lovomereza pa mayina mazanamazana amene makina asanja kale sakuweruza kanthu, akungobwereketsa dzina lake ku chigamulo cha wina.

Chinthu china chimene chinachitika mu 2024 chikusonyeza kumene njirayi ikulowera. Kampani ya Lattice inalengeza kuti mapulogalamu a AI ogwira ntchito m'malo mwa anthu azilembedwa m'kaundula wa ogwira ntchito, n'kupatsidwa bwana, zolinga ndi maphunziro monga munthu wina aliyense, koma inabweza ganizolo patangopita masiku ochepa anthu atakwiya. Mkwiyowo unali ndi chifukwa chomveka, pakuti ngati munthu ndi pulogalamu angakwane m'mizere imodzimodzi ya kaundula, ndiye kuti kaundulayo wakhala akulemba za munthu zokhazo zimene pulogalamu ilinso nazo, n'kusiya kunja kutopa kwake, banja limene amadyetsa, malonjezo amene amasunga ndi mphamvu yake yosintha. Kubweza ganizoko kunatsimikiziranso kuti chatsopano chilichonse chimene opanga atulutsa ndi chosankha cha anthu, chimene anthu ena angachikane.

Zatsopano zisanafike, opanga amapatsa ogula masabata angapo oti aziyese, ndipo zambiri mwa izo zimafuna kuti wina pa kampani yogulayo azitsegule. Kutsegula chida cholosera za anthu si ntchito ya akatswiri a kompyuta okha, koma ndi chigamulo cha chikumbumtima, chofunika kuti wochipangayo ayambe wafunsa ngati woyesedwayo adzauzidwa kuti akuyesedwa, ngati adzapatsidwa mpata woyankha, ndiponso ngati pali munthu wodziwika dzina amene adzavomere kuti chigamulocho ndi chake. Pulogalamu ikhoza kuwerenga, kukumbutsa ndi kuchenjeza, ndipo pa zimenezi imathandiza chilungamo, koma kuweruza munthu kumafuna woweruza amene nayenso angaweruzidwe, ndipo kampani imene yapereka udindo umenewu kwa makina siinauchotse pa mapewa ake, yangoubisa kwa amene akanaifunsa.