Manda Amene Khasu Silifikako

Mwezi wa November ukafika, ife a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni timasenza makasu kukalambula manda a abale athu. Koma alipo manda ena amene khasu lathu silifikako. Tiyeni tiwalingalire lero.

Ku Wankie, kumene tsopano ati Hwange, m'dziko la Zimbabwe, amakumba malasha. Pa 6 June 1972 mgodi wa Kamandama unaphulika, nupha anthu 427. Mwa iwo 37 anali Amalawi, amene anasiya midzi yao kukafuna nchito. Pamene opulumutsa analephera kutulutsa mitembo yambiri, eni mgodi anatseka khomo lake, ndipo mgodi womwewo unasanduka manda. Abale ao kuno sanaone nkhope, sanaponyepo dothi.

Tsono funso ndi ili: kodi munthu amene sitinamuike ndi manja athu, tiri naye mangawa? Ena ati: "Anapita yekha nakachona, imkumbukire kampani imene inadya thukuta lake." Zoona, kampani iri ndi mangawa ake, ndipo chaka ndi chaka pa 6 June anthu a ku Hwange amasonkhana pa Kamandama kukumbukira akufawo. Koma kampani idziwa munthu ndi nambala ya nchito. Mfunda wake, mudzi wake ndi dzina limene amai ake ankamuitanira tidziwa ndife. Ife tikaiwala, adzatchula ndani?

Makolo anati maliro n'kulirana, ndipo sanaike malire a mtunda. Tobiti ankaika maliro a anthu a mtundu wake ku Nineve, dziko lachilendo, osawerengera tsoka limene likadamgwera. Eklezia nayenso awerenga kuika akufa ndi kuwapempherera pakati pa nchito za chifundo. Kumene khasu lilephera, pemphero lifika. Pakuti mwala wotseka mgodi sutsekereza Mulungu.

Chifukwa chake inu akatekisti, pitani kwa nkhalamba za m'Miphakati yanu zisanatisiye. Funsani maina a onse amene anapita ku migodi, kaya ndi Wenela, kaya ndi Mthandizi, kaya ndi miyendo yao, osabweranso. Alembeni m'buku, ndipo pa 2 November awerengedwe mokweza m'tchalichi. Kumeneko ndiko kulambula manda amene sitidzawaona.