Nanga Wapolisi Adzakhala Ndani?

Acinyamata anzanga, tinene kuti gulu lanu ku Chalimbana kapena ku Kanakantapa lifuna kucita sewero la nyimbo lonena za ana opanduka. Tsiku logawa mbali ndilo lidzayesa mitima yanu.

Taganizirani za Sarafina!, sewero la Mbongeni Ngema limene linayamba kuonetsedwa ku Johannesburg mu 1987. Limasimba za ana a sukulu a ku Soweto amene mu 1976 anakana kuphunzitsidwa m'cinenero ca Afrikaans. Mtsikana aliyense angakonde mbali ya Sarafina, imene anasewera Leleti Khumalo. Koma sewero lotere lifunanso wapolisi wokwapula ana. Ameneyo adzakhala ndani?

Kugawa mau a nyimbo n'kosavuta. Khutu limamva lokha kuti uyu ndi sopulano, uyu aluto, uyu tena, uyo besi, ndipo palibe wonyozeka. Koma tikafika pa mbali ya munthu woipa, timaleka kumvetsera mau n'kuyamba kumvetsera mphekesera. Timati, "Mpatseni uje, ndi wovuta kale." Apo taweruza mnzathu pa mlandu wosazengedwa. Sewero limatha madzulo amodzi, koma dzina lija limamtsata kumsika ndi kusukulu.

Kodi cilungamo n'ciani pamenepa? Mbali ya m'sewero ili ngati covala, cimene munthu amavula akatsika pabwalo. Conco muyeseni aliyense pa mau ndi luso lake basi. Ndipo ngati muona kuti mbali ya wapolisi ndi yocititsa manyazi, inu atsogoleri yambani ndinu kuitenga. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya.