Kodi Nkoyenera Kuphunzitsa Ana za Chida Choopsa?

M'dziko la United States of America muli anthu a ntchito ya boma otchedwa alonda a malo osungidwa. Ambiri a iwo amayang'anira nkhalango, mapiri ndi nyama zakuthengo, monga achitira alonda a ku Kasungu kapena ku Nyika. Koma alipo ena amene ntchito yawo ndiyo kusunga mbiri. Iwowa amaonetsa alendo nyumba zakale, amapita m'masukulu ndi m'misonkhano ya anthu a m'mizinda, nafotokoza zimene zinachitika pamalopo.

M'chaka cha 2015 boma la dzikolo linakhazikitsa malo otere otchedwa Manhattan Project National Historical Park. Malowa ali patatu: ku Oak Ridge m'chigawo cha Tennessee, ku Hanford m'chigawo cha Washington, ndi ku Los Alamos m'chigawo cha New Mexico. Kumeneko ndiko kunapangidwa mabomba a atomu oyamba pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Tsono funso ndi ili: kodi nkoyenera kuti mlonda aime pamaso pa ana, nawaphunzitsa za chida chimene chinapha anthu ochuluka chotere?

Asanayankhe funsoli, wowerenga ayenera kumva nkhani yake. Ntchito yopanga bombalo inayamba mwamphamvu m'chaka cha 1942, pakuti panali mantha kuti Germany ingayambe kulipanga. Mkulu wa ntchitoyo anali msilikali, General Leslie Groves, ndipo mtsogoleri wa akatswiri ku Los Alamos anali J. Robert Oppenheimer. Ku Oak Ridge ankayenga mwala wotchedwa yureniyamu, ndipo wambiri mwa mwalawo unachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo. Ku Hanford anamanga ng'anjo zazikulu m'mbali mwa mtsinje wa Columbia, zopangira chitsulo chatsopano chotchedwa plutoniyamu. Bomba loyamba linayesedwa m'chipululu cha New Mexico pa 16 Julayi 1945. Pa 6 Ogasiti lina linaponyedwa pa mzinda wa Hiroshima ku Japan, ndipo pa 9 Ogasiti linanso pa Nagasaki. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho anthu pafupifupi 140,000 anali atafa ku Hiroshima, ndi pafupifupi 74,000 ku Nagasaki. Japan inagonja mwezi womwewo wa Ogasiti.

Anthu ena amati nkhani yotere njosayenera ana, ndipo kusunga malo amenewa kuli ngati kutamanda imfa. Mau awo sali opanda nzeru, pakuti palibe kholo limene lifuna kuti mwana wake azinyadira kupha. Koma akuluakulu anati mlandu suola. Chinthu chimene chinachitika sichifafanizika chifukwa chakuti anthu atseka pakamwa. Mwana amene sanauzidwe zoona ndi mphunzitsi wodekha adzazimvabe kwa ena amene angazipotoze.

Enanso amati mlonda anene za nzeru za akatswiri, za khama la antchito, ndi za asilikali amene anabwerera kwawo amoyo chifukwa nkhondo inatha. Zimenezi nzoona, ndipo ziyenera kunenedwa. Koma munthu amene anena zimenezi zokha ali ngati mboni imene iima pa bwalo la mfumu nifotokoza theka la zimene inaona. Mboni yotere, ngakhale sinaname mau amodzi, yasokeretsa bwalo.

Theka linalo nali. M'chaka cha 1943 anthu a m'midzi ya Hanford ndi White Bluffs anauzidwa kuti asamuke msanga, nasiya minda yawo ya zipatso. Anthu a mtundu wa Wanapum, amene makolo awo anasodza m'mtsinje wa Columbia kuyambira kale, anachotsedwanso pa malo awo. Ku Oak Ridge antchito akuda ankagona padera, m'timisasa tosauka. Anthu okhala pafupi ndi chipululu chimene bomba linayesedwa sanachenjezedwe, ndipo phulusa lake lapoizoni linagwa pa minda yawo ndi pa ziweto zawo. Ku Hiroshima kunali mtsikana dzina lake Sadako Sasaki, amene anali wa zaka ziwiri pamene bomba linagwa. Anapulumuka tsiku limenelo, koma anamwalira ndi nthenda ya magazi m'chaka cha 1955, ali ndi zaka 12.

Pali chinthu chinanso chimene ana ayenera kumva, ndicho chinsinsi chimene chinakuta ntchito yonseyo. Antchito anali oposa 100,000, koma ochepa okha ndiwo ankadziwa chimene chinali kupangidwa. Ku Oak Ridge atsikana ambiri ankakhala tsiku lonse akupotokola tizitsulo ta makina, osauzidwa cholinga chake, ndipo anachizindikira atamva za Hiroshima. Ngakhale pakati pa odziwawo panalibe mtima umodzi. M'mwezi wa Julayi 1945 akatswiri 70, motsogozedwa ndi Leo Szilard, anasaina kalata yopempha Pulezidenti Truman kuti bomba lisaponyedwe Japan isanauzidwe poyera mfundo zogonjera ndi kupatsidwa mpata woyankha. Pempho lawolo silinasinthe kanthu.

Apa ndipo pagona yankho. Anthu a masiku amenewo sanapatsidwe mpata wofunsa, pakuti zonse zinabisika. Chifukwa chake mlonda amene afotokoza nkhaniyi poyera achita chinthu chabwino, malinga ngati ainena yonse. Ntchito yake siyogamula mlandu ayi. Kufikira lero anthu ophunzira akutsutsanabe ngati kunali kofunika kuponya mabombawo kuti nkhondo ithe. Mlondayo aike umboni wonse pamaso pa ana: wa amene anapanga, wa amene anasamutsidwa, ndi wa amene bomba linawagwera. Akatero awalole afunse mafunso, naganize okha. Kukumbukira chinthu sindiko kuchitamanda. Pamanda anthu amapita kukakumbuka, osati kukakondwera.

Nkhaniyi sinathe m'chaka cha 1945. Lero pa dziko lapansi pali mabomba a mtundu umenewu pafupifupi 12,000, ndipo ambiri ndi amphamvu kuposa la ku Hiroshima. Ana amene akhala m'kalasi kumvera mlonda ndiwo adzasankhe atsogoleri mawa, ndipo ena a iwo adzakhala akatswiri ndi asilikali. Ngati anamva za nzeru zokha, adzayesa kuti chilichonse chimene munthu angathe kupanga nchololeka. Koma ngati anamvanso za mtsikana wa ku Hiroshima ndi za mlimi wa ku White Bluffs, adzadziwa kufunsa asanagwire ntchito kuti, "Kodi chimenechi chidzagwera yani?" Pajatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.