Mwezi wotsiriza

Mwezi wa Okutobala kuno ku Mangochi usiku subweretsa mpumulo. Malata amasunga kutentha kwa masana mpaka tambala woyamba, ndipo ine ndi mimba yotopayi ndimagonera kumanzere monga anatiuzira kusikelo, kenako kumanja, msana ukuwawa, mapazi atatupa, chilungulira chikukwera kukhosi. M'pamene ndimafunsa Mulungu funso limene masana ndimachita nalo manyazi: kodi ndikamalakalaka kuti matenda ayambe lero lomwe, ndikufunira mwanayu, kapena ndikungofuna kupumula ine?

Tsiku lobereka lija analemba m'buku lachipatala ndi longoyerekeza, masabata 40 kuchokera pamene msambo womaliza unayamba, ndipo ana obadwa pa tsiku lenilenilo ndi ochepa. Likadutsa anamwino sadzidzimuka. Koma kudikira nako kuli ndi malire ake. Malangizo a bungwe la WHO a 2011 amati mimba ikafika masabata 41 ndi bwino kuyambitsa matenda ndi mankhwala, popeza nsengwa yodyetsa mwana imatha kuyamba kufooka, madzi n'kuchepa, mayi osamva kanthu. Izi zimandisautsa mumtima, Ambuye, chifukwa ndinakula ndikudziwa kuti wopirira ndiye wokhulupirira, ndipo tsopano ndikuona kuti pali kupirira kwina kumene kungapweteke yemwe ndikumudikirayo.

Azakhali, pondimvera chisoni, anandinong'oneza za mwanamphepo, mankhwala achikuda oyambitsa matenda. Sindiwaweruza, anabereka ana awo pamphasa, m'manja mwa azamba, ndipo andipatsa chimene akudziwa. Komatu mankhwala a m'botolowo palibe wodziwa mlingo wake, ndipo akakoka chiberekero mopitirira muyeso chimatha kung'ambika. Ndimaganiza za mayi wa ku Makanjira zitamuchitikira usiku, ulendo wonse uja wokafika pa chipatala chachikulu paboma. Misoprostol ndi oxytocin akuchipatala nawonso amakoka, si ofatsa ayi, koma amaperekedwa pang'onopang'ono, namwino akumvetsera mtima wa mwana, fiyeta ili pafupi.

Ndiye ndikuphunzira kusiyanitsa. Kutopa, kusowa tulo, kukodza pafupipafupi, izi ndi zanga, ndizisenza. Koma mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, magazi, nsupa kusweka matenda asanayambe, mwana kuchepetsa kugunda, izi sizidikira kuti kuche, kapena kuti bambo ake abwere kuchokera ku usipa.

Chimene chikundivutabe ndi chiwerengero. Ambirife timayamba sikelo mochedwa, makina ounikira amene amathandiza kudziwa msinkhu wa mimba masabata 24 asanakwane sanatione, ndipo 41 wathuyo akhoza kukhala 39, kapena 43. Pa sikelo ikubwerayi ndikawafunsa anamwino mosabisa kuti iwo akuwerenga masabata angati, ndiponso kuti tidikira kufikira liti. Akati ndikhale kuchidikiro, beseni ndi zitenje ndamanga kale.