Mkaka wa ku Chernobyl: Kodi Kukhala Chete ndi Tchimo?

Alipo machimo amene timawazindikira msanga chifukwa amachita phokoso, monga kupha, kuba ndi kunama. Koma Mpingo umatiphunzitsanso za tchimo lina loyenda mwakachetechete, limene munthu amalichita pakusiya kuchita chimene adayenera kuchita. Kawirikawiri tchimo lotere timaliyesa laling'ono, pakuti manja a wolichita amaoneka oyera. Nkhani ya ana a ku Belarus, Ukraine ndi Russia amene adadwala khansa ya chithokomiro ikutiumiriza kuti tiliganizirenso bwino.

Usiku wa pa 26 Epulo 1986, ng'anjo yachinayi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl idaphulika. Malowa ali m'dziko la Ukraine, limene panthawiyo lidali mbali ya Soviet Union. Moto udayaka masiku pafupifupi 10, ndipo mu utsi wake mudali ayodini wapoizoni amene akatswiri amamutcha ayodini-131. Mphepo idamuuluza, mvula nimugwetsera pa msipu. Ng'ombe zidadya msipuwo, poizoni nalowa mu mkaka, ndipo amayi adamwetsa ana awo mkakawo monga mwa masiku onse.

Pakhosi pa munthu aliyense pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro, kamene kamasonkhanitsa ayodini wa m'zakudya kuti kayendetse kakulidwe ka thupi. Nchifukwa chake ife kuno timalangizidwa kudya mchere wothira ayodini. Tsoka lake nlakuti kachiwaloka sikatha kusiyanitsa ayodini wabwino ndi wapoizoni: kamangolandira. Mwa mwana kamakhala kakang'ono ndi kanthete, pamene mwanayo ndiye amamwa mkaka wambiri. Komanso m'madera ena a kumeneko ayodini adali wosowa m'zakudya, kotero kuti zithokomiro za ana zidamumwa poizoniyo ngati nthaka youma ikalandira mvula yoyamba.

Tsono chimene chiyenera kutisautsa mtima ndi ichi. Ayodini-131 sakhalitsa: mphamvu yake imatsika ndi theka masiku 8 alionse, ndipo pakapita miyezi itatu amakhala atatha pafupifupi yense. Kudali kokwanira kuuza makolo msanga kuti asapatse ana mkaka wa ng'ombe zodya kubusa, ndi kugawa ayodini wabwino kuti adzaze chithokomiro poizoni asanafike. Dziko la Poland lidachita zimenezi: kuyambira pa 29 Epulo lidamwetsa ayodini ana oposa 10 miliyoni, niletsanso mkaka woipitsidwa. Koma kumene kudachitikira ngoziko, anthu a mu mzinda wa Pripyat, pafupifupi 50,000, adayamba kusamutsidwa patapita maola 36. Maiko ena adadziwa za ngoziyi pa 28 Epulo, makina a ku Forsmark m'dziko la Sweden atanunkhiza poizoni mu mpweya. Pa 1 Meyi ana adaguba m'misewu ya ku Kiev pa chikondwerero cha apantchito, ndipo mtsogoleri wa dzikolo, Mikhail Gorbachev, adalankhula kwa anthu ake pa wailesi ya kanema pa 14 Meyi. Masiku onsewa, m'midzi yambiri ng'ombe zinkakamidwa.

Zipatso za kuchedwaku zidayamba kuoneka cha m'ma 1990, pamene madokotala a ku Minsk adadabwa ndi kuchuluka kwa ana odwala nthenda imene mwa ana imapezeka mwa apo ndi apo. Pofika 2005, mwa amene adali ana kapena achinyamata pa nthawi ya ngoziyo, odwala khansa ya chithokomiro adapitirira 6,000, ndipo 15 adali atamwalira. Pofika 2015 chiwerengero chidayandikira 20,000, ndipo akatswiri a bungwe la United Nations akuyerekeza kuti mwa odwala anayi alionse, mmodzi adadwala chifukwa cha ngoziyo. Tithokoze Mulungu kuti khansa imeneyi imachizika mwa ambiri. Komabe kuchira kwake nkowawa: dokotala amachotsa chithokomiro, mwana natsala ndi chipsera pakhosi, namamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku moyo wake wonse.

Nanga adalakwa ndani? Ophunzira a Ambuye Yezu adafunsa funso lotere ataona munthu wobadwa wakhungu, monga tiwerenga m'mutu 9 wa Yohane, ndipo Ambuye adakana kuti matendawo adali chilango cha iye kapena cha makolo ake. Ifenso tinenetse kuti mayi amene adamwetsa mwana wake mkaka alibe mlandu. Adachita ntchito ya chikondi, osadziwa kanthu. Ndipo apa ndi pamene pali kuipa kwa chete wa akuluakulu: adasandutsa dzanja la mayi lodyetsa kukhala njira yodzera matenda.

Wina angawaikire kumbuyo atsogoleri aja, nanena kuti iwonso sadadziwe zonse masiku oyambawo, ndiponso adaopa kuti anthu angachite mantha ndi kupondana pothawa. Mau amenewa sitiyenera kuwapeputsa. Nzoona kuti si chinsinsi chilichonse chimene chili tchimo. Dokotala amasunga za wodwala wake, wansembe amasunga za m'kulapa. Koma zinsinsi zimenezi zimateteza mwini wake wa nkhaniyo. Chete amasanduka tchimo pamene zinthu zitatu zakumana: tikudziwa za choopsa, mnzathu angathe kudziteteza atauzidwa, ndipo ife tikubisa kuti titeteze dzina lathu. Munthu safunika kudziwa zonse kuti achenjeze. Woona utsi pa denga la mnansi sayamba wafufuza chimene chayatsa moto, amakuwa.

Makolo athu adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Udindo wa wamkulu ndi umenewo: kuti choopsa chithere pa iye, chisafike kwa ana. Wamkulu akasankha ulemu wake m'malo mwa choona, dambo lauma, ndipo moto umapitirira kukapsereza amene sadauyatse. Ana aja sadamange ng'anjo, sadakhale nawo pa misonkhano, sadafunsidwe. Ngongole idatengedwa ndi akulu, koma idalipidwa pa makosi a ana.

Tisafulumire kuloza chala kutali, pakuti chiyeso chomwecho chimafika pa khomo la aliyense amene Mulungu adamuikiza ana. Chimafika kwa mwini fakitale wodziwa zimene akutayira mu mtsinje, kwa wogulitsa chakudya choonongeka, kwa kholo loona chotupa pakhosi pa mwana nkumazengereza kupita naye kuchipatala poopa zonena anthu, ndi kwa aliyense wodziwa kuti mwana akuzunzidwa koma nati si nkhani yanga. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chaka chilichonse pa 28 Disembala Mpingo umakumbukira ana a ku Betelehemu amene Herode adawapha poopa kutaya ufumu. Herode adalamula lupanga; ena amangotseka pakamwa. Pamene tikuyesa mitima yathu madzulo, tisamadzifunse za zimene tanena zokha ayi. Tidzifunsenso kuti lero tadziwa chiyani chimene mwana wina adafunika kuti tinene, ndipo tipemphe Mzimu Woyera atipatse mphamvu yochinena nthawi isanathe.